Kathumba ka Pasipoti

Mdzukulu wanga atayamba kubwera ndi mabuku a Chisipanishi kufulati kwathu ku Ilford, ndinamuuza kuti m'nyumba mwanga simugona buku lomwe sindidziwa zimene likunena. Ine ngakhale wobweretsa katundu ndimalankhula naye chitseko chili pa tcheni. Ndiye Loweruka lililonse ankandimasulira tsamba limodzi, ine ndikusenda mbatata.

Sanali mabuku a nthano. Anali maganizo a anthu, ena othawa nkhondo kwawo, olemba ali kudziko la eni. Olembawo ankati munthu sapeza njira yolambulidwa kale, amailambula yekha, ndipo zimene wasankha asamasenzetse mnzake.

"Amenewa analibe amalume?" ndinamufunsa.

"Anali nawo, agogo."

"Nanga amalumewo ntchito yawo inali chiyani?"

Anaseka mpaka buku linagwa.

Kenaka yunivesite yake ya ku Greenwich inamupatsa mwayi wokaphunzira ku Spain chaka chathunthu. Anadzagwada pakapeti, mwana amene masiku onse amandiyankha m'Chingerezi ali chiimire. Kugwada kumeneko ndinakukayikira.

"Agogo, mukakana sindipita."

Mtima wanga unali utakana kale. Mwana wamkazi, dziko lopanda ndi m'bale yemwe, adzamutsekera chitseko ndani? Koma nditamuyang'anitsitsa ndinaona kuti akuopa. Ankafuna akauze anzake kuti agogo aletsa, iye atsale wopanda mlandu.

"Iwe mkazi mnzanga, ukufuna undisenzetse mtolo wako? Anthu ako a m'mabuku aja anati chiyani?"

"Paja mumati simuwakhulupirira."

"Sindiwakhulupirira. Koma nawenso lero sindikukukhulupirira."

Sindinakane, sindinavomere. Masiku otsatira ndinkaluma lilime, poti mawu oti usapite anali pakamwa penipeni. Iye ankangotakasa tiyi osamwa. M'mawa wina akupaka buledi majarini anati, "Ndipita, agogo." Sanagwade.

Ndinatulutsa singano ndi kansalu, kuti ndimusokere kathumba ka pasipoti mkati mwa siketi, monga ndinachitira ine pobwera kuno.

"Agogo, ine ndimavala jinzi."

"Bweretsa jinziyo. Zonse."

Zala zinatupa, nsalu imene ija ndi yolimba ngati chikumba. Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza kusiteshoni. Sitima ikufika ndinamugwira m'chiuno, iye nkumayesa ndikumukumbatira. Ndinkafuna ndimve ngati pasipoti ilimo. Inalimo, koma dzanja sindinachotse msanga.