Wowotcherera ndiye ankayamba kukwera

Bambo a Tadala, lero kuno kumzinda wa Edmonton, ndikudikira basi, kwadutsa kagalimoto kakale kampikisano, konga timene munkapanga pamanja mu shedi muja ndi anzanu. Lamulo lanu linali lakuti wowotcherera zitsulo ndiye aziyamba kukayesa. Tsiku lija kubwalo la mpikisano, musanakwere kamene munawotcherera inuyo, munandiseka: "Mayi a Tadala, poti inu mumawerenga chilichonse, muziwerenga kuti ndadutsa kangati."

Ndinawerengadi, mpaka pamene tayala linathothoka pakona, galimoto n'kugubuduzika, kumenya chipupa, moto n'kubuka. Anzanu anapsa manja pokukokani, koma zitsulo zomwe munawotcherera mwaluso zija zinakana kuthyoka kuti mutuluke.

Lero katangodutsa, ndinapezeka ndanena kuti "kamodzi". Basi yanga inabwera n'kupita, ine ndili chiimire, kudikira kuti mudutsenso.