Ndondocha ya Ketrina

Pa Chinyunyu pano amati Ketrina, mwana wa ba Silas, ali ndi ndondocha. Ati anabwera nayo m'chikwama kuchokera ku Lusaka, ndiyo imamugwirira ntchito iye ali khale. Mwini nkhani ndi ba Fainess ogulitsa tomato pamsewu, amene m'nyumbamo sanalowemo n'kamodzi komwe.

Ine ndi neba wawo, ndiye imvani kwa ine. Ketrina anabwerera kumudzi atate ake atadwala sitiroko, kampani n'kumulola kugwirira ntchito kuno. Ntchito yake ndi kuyesa mawebusaiti. Amatuma makompyuta a kampani ku Lusaka kuti atsegule mabulawuza ambirimbiri, mapulogalamu aja oonera mawebusaiti, adine apa ndi apo ngati makasitomala, aone ngati zonse zikuyenda, akatha atseke. Koma netiweki yathu mukuidziwa, imathawa ngati mbuzi yaona chingwe. Ikaduka pakati, mabulawuza aja amatsala pululu, kuunjikana m'makina mpaka anzake onse ntchito kuima.

Abwana ake sanabise mawu: zikapitirira, abwerere ku ofesi. Nanga ba Silas aziwatembenuza ndani pamphasa?

Ndiye tinkamuona pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamene netiweki imagwirako, laputopu pamiyendo, chitenje kumutu, akutseka mabulawuzawo mmodzimmodzi. Kaya dzuwa, kaya mphepo, iye pomwepo. Ndinkamukuwira kuti, "Iwe Keti, inswa sizituluka mu Juni!" Amangokweza dzanja. Mphamvu yoseka analibe.

Atatopa zenizeni, analemba lamulo loti makinawo azidzisesa okha ola lililonse. Tsiku loyamba lamulolo linasesa zonse, ndi za anzake zomwe zinali pakati pa ntchito. Foni inalira mpaka kutentha. Anakhala pakhonde, phala la atate ake likuzizira m'mbale, akupepesa munthu ndi munthu. Kenaka anakonza kuti lizichotsa zokhazo zimene zakhalitsa popanda wozikhudza. Abwana sanaimbenso, ndipo kwa anthu a ku Lusaka kumeneko ndiye kuthokoza.

Pachulu Ketrina anasiya kupita. Apa ba Fainess mutu unagwira ntchito: mwana sakwera chulu, ntchito sanamuchotse, ndiye akumugwirira ndani? Pofika Lamlungu, amayi ena kutchalitchi anayamba kumusiyira Ketrina benchi yonse.

Dzulo ndinamupeza kuseri kwa nyumba, wawerama pabafa, akuchapa zofunda za atate ake. Manja atuwa ndi sopo, maso ofiira.

"Keti mwana wanga," ndinatero, "tandibwerekako ndondocha yako, munda wanga wandikanika."

Sanadzutse ndi mutu womwe. Anafinya bulangete, madzi n'kundithira kumapazi.

"Ba malume, mukawauze ba Fainess kuti ndikanakhala nayo, bwenzi ikuchapa mikodzo iyi, ine nditagona. Gwirani uko tifinye."