Ulendo wa ku Migowi ndi Timabokosi Tokana Kulankhulana

Ndinanyamuka pakhomo dzuwa likungosuzumira cha ku Mozambiki, jekete langa la kutchalitchi lili m'thupi, katoni ili kukhwapa. M'katonimo munali timabokosi tiwiri toyera ta intaneti, tofanana chilichonse, kalikonse ndi tinyanga take tiwiri. Wotumiza anali mwana wanga Marita wa ku Joni. Zolembazi musaziseke. Sukulu ndinalekera pomwe tinkalemba pansi ndi chala, koma nkhani yanga sindingapatse munthu wina kuti andikambire.

Kwathu kuno, kuseri kwa Chiringa, netiweki imagwira malo amodzi okha, pachitunda pamene pali golosale ya alamu anga a Benesi. Nyumba yanga ili kumunsi, kufupi ndi dambo. Si patali ayi, ukaima pakhonde golosaleyo umaiona bwinobwino. Koma mayi a kunyumba kwanga miyendo inafa chaka chatha, ndipo tsiku lomwe tinayesa kuwakweza pachitundapo pa wilibala anagona sabata akulira msana. Tsono Marita anali woti achitidwa opaleshoni ya chotupa cha m'mimba m'mawa wa tsiku lotsatira, ndipo anali atanena kuti foni akhala nayo mpaka madzulo basi. Amake sanapemphe zambiri. Anangoti akufuna aone nkhope ya mwana wawo asanamugoneke patebulo la madokotala.

Nzeru ya Marita inali yoti kabokosi kokhala ndi simu kakhale ku golosale komwe kuli sola, kazitunga netiweki n'kumaponyera kanzake kunyumba, komwe tili ndi batire la galimoto. Anabwera aphunzitsi ena a papulayimale ndi laputopu yawo kudzalumikiza. Atamaliza koyamba anati kachiwiriko akufuna akapatse manambala osiyana. Apo ndinakana. Ine ndine bambo a mapasa, Marita ndi Mariya amene tikukhala naye pakhomo pano, ndipo mwambo wa mapasa aliyense kuno amaudziwa. Ukagulira wina diresi, mnzakenso diresi lomwelo. Ukapatsa wina mutu wa nsomba, funa mutu wina. Ukasiyanitsa, wina amanyanyala n'kudwala. Ndiye zinthu zobwera m'katoni imodzi, zochokera m'manja mwa mwana wamapasa, sabata ya opaleshoni, munthu n'kumati asiyanitse? Ndinawauza kuti zimene alemba mu aka alembenso mu ako. Anandiyang'ana, analemba, anatseka laputopu, anapita. Timabokosi tinayaka ndithu, koma kulankhulana ayi. Foni ya Mariya inkangozunguza kamkombero. Pofuna kuwaitananso aphunzitsi aja ndinamva kuti apita kumaliro kwawo ku Thyolo.

Popita ku Chiringa ndinakwera kabaza. Mwini njingayo, bambo wa imvi ngati ine ndemwe, ananditchulira mtengo woti kale ndikanagula nawo nkhuku yathadzi. Ndinamuuza kuti msewu umenewu ndinaulambula nawo ndi khasu langa iye asanalote zokhala ndi njinga. Anati zimenezo wamva, koma mtengo ndi womwewo. Tinadutsa m'minda ya nandolo wouma, fumbi likulowa m'makutu. Pamchenga ankanditsitsa kuti ndiyende, pachitunda ankanditsitsanso, moti ndinamufunsa ngati ndalipirira kukwera kapena kumuperekeza. Iye anafuna kudziwa ngati m'katonimo muli anapiye. Ndinati muli zinthu za ku Joni. Sanafunsenso.

Pa Chiringa pali wokonza mafoni wina amakhala pansi pa ambulera ndi tebulo lodzaza mabatire otupa. Ndinamutsegulira katoni. Anatenga kamodzi, anakatembenuza, anakagwedeza pafupi ndi khutu ngati akumvera dzira lowola. Kenako anatulutsa singano n'kumafunafuna kabowo koti abaye. Ndinamulanda. Anavomera kuti iye ntchito yake ndi magalasi a mafoni ndi kuika nyimbo m'memole, zoterezi ndipite nazo ku Migowi, kuseri kwa ogula nandolo, ndikafunse a Lusiya a fotokope. Ndinafunsa ngati amene amakonza ndi mwamuna wa a Lusiyawo. Anati ndikafunse zimenezo pamaso pawo ndikamve yankho.

Minibasi ndinaipeza ili ndi anthu atatu, kondakitala akulumbira kuti yatsala pang'ono kunyamuka. Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi wa siteji unatithawa. Kondakitalayo anati mtengo ndi masauzande atatu, ndipo katoni yanga ipite kumbuyo pansi pa matumba a nandolo. Ndinamufotokozera zimene zili m'katonimo, kumene zachokera, ndi amene ali m'chipatala. Ndinkaona ngati ndikulankhula bwinobwino, koma mwana amene anali kumbuyo kwa amake pampando wakutsogolo anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

"Madala, tsitsaniko voliyumu," anatero kondakitala. "Katoniyo khalani nayo pamiyendo, yalipiridwa ndi makutu athu."

Anthu anaseka, ine sindinaseke. Mayi wina amene tinapanikizana naye anandinyemera chinangwa chophika n'kundiuza m'Chilomwe kuti mchemwali wakenso anang'ambidwa m'mimba ndipo pano akulima. Ndinadya chinangwacho. Chinali chowawirako, koma mawu akewo anandipititsa mtunda. Galimoto inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale wongodzikanda m'mutu. Penapake inaima kuti athire mafuta a m'chigubu, penapake kuti amangirire chitseko ndi chingwe. Bondo langa lakumanzere linali litatsamira chitsulo cha mpando, ndipo potsika pa Migowi linakana kuwongoka.

Pa Migowi nyengo ino ndi masikelo okhaokha, olendewera m'mitengo ndi m'makonde. Ogula nandolo anandithamangira atatu, aliyense akukoka katoni kuti aiyeze. Ndinawabalalitsa ndi mawu amodzi. Shopu ya a Lusiya ndinaipeza dzuwa lili pamutu, kachipinda kopapatiza pakati pa telala ndi wometa. Iwo anali mayi wa thupi, magalasi ali pamphumi, akusenda mtedza pakhomo. Za mwamuna wawo sindinafunse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako analoza babu la kudenga. Magetsi anali atazima chim'mawa, laputopu yawo inali itatha moto.

Ndinakhala pabenchi. Kukhala kumene kuja sindidzakuiwala. Ndinagula chipisi pachiwaya ndi kabichi pamwamba, koma mano anga atsala a mbali imodzi, ndiye chinanditengera nthawi. Ndinamwa thobwa wa m'botolo. Ndinavula nsapato, ndinavalanso. Ndikatseka maso ndinkaona amake Marita atatsamira khoma, atavala duku latsopano lomwe anauza Mariya kuti awamange m'mawa, kuti mwana asawaone ngati odwala. Telala anayesa kundichezetsa za mitengo ya feteleza, ine amene nkhani ya feteleza sindiisiya, koma tsiku limenelo ndinangoti eya, eya.

Cha m'ma 2 koloko wailesi ya wometa inangophulika yokha. Magetsi abwera. A Lusiya anakutumula makoko a mtedza pachitenje, anatsitsa magalasi, analumikiza kabokosi koyamba ku laputopu ndi waya wachikasu. Anayang'ana. Anachotsa, analumikiza kachiwiri. Anayang'ananso, n'kufunsa kuti anaika manambalawa ndani. Ndinayankha kuti analemba ndi aphunzitsi koma lamulo linali langa, ndipo ndinawafotokozera za mwambo wa mapasa, mokweza ndithu, mpaka wometa anabwera kudzaima pakhomo ndi makina ake m'manja.

Iwo sanaseke. Ananditembenuzira laputopu n'kundionetsa manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho. Manambala ndimawerenga ine, musaone zilembozi. Panali 192, kenako 168, kenako 1, kenako 1. Anati awiri oyambawo ndiwasiye. Yachitatuyo ili ngati mudzi, yomalizayo ili ngati nyumba ya m'mudzimo. Timabokosi tanga tonse tinali mudzi umodzi, nyumba imodzi, ndipo kalikonse kankadziyesa mwini nyumbayo. Ndiye kakumunsi kakafuna kutumiza uthenga kumtunda kankaona kuti adiresiyo ndi yake yomwe, uthengawo n'kungozungulira pakhomo. Anati kakumunsiko kayenera kukhala ndi mudzi wakewake, wa nambala 2, kazigawa manambala kwa mafoni a kunyumba kokha, ndipo kauzidwe kuti khomo lotulukira kunja ndi kanzake ka ku golosale.

Ndinati zimenezo ndamva, koma kusiyanitsa sindilola, osati sabata ino. Ndinatenga katoni kuti ndibwezeremo zinthu zanga. A Lusiya anagwira waya uja osausiya.

"Bambo a mapasa, ana anuwo munawapatsa dzina limodzi?"

"Dzina limodzi bwanji? Wina Marita, wina Mariya."

"Nanga mukanawatcha onse Marita, mukaitana akanabwera uti?"

Wometa anabwerera kwa kasitomala wake.

"Diresi n'lomwelo, taonani, tonse n'toyera," anatero. "Chakudya n'chomwecho, moto womwewo. Ine ndikungofuna kupereka dzina."

Ndinawauza kuti ngati ndi dzina lokha apereke, koma kalikonse kasapose kanzake. Anati sikaposa. Anasintha 1 wachitatu uja kukhala 2, analowetsa dzina ndi pasiwedi ya kabokosi ka simu m'kanzakeko, n'kudikira kuti kazime kayakenso. Kenako ananditumiza kwa wogulitsa zitsulo tsidya la msewu kuti ndikalumikize ka simuko kumagetsi ake, tione ngati tingamvane patali. Ndinawoloka ndi bondo langa lija. Nditacheuka ndinaona akundikwezera foni yawo m'mwamba, mkati mwake mukuyenda zithunzi. Anapaka kadontho ka kyuteksi wofiira wa m'zikhadabo pa ka kumtunda kuti ndisasokoneze. Ndinati apakenso kanzakeko. Anapaka, koma pansi pake. Malangizo awo anali awiri: kabowo ka singano kaja asakabaye munthu, chifukwa zonse abwezazi zifufutika, ndipo timabokosito tizionana, pakati pasakhale khoma kapena malata.

Minibasi yobwerera inali ndi munthu mmodzi, akugona. Dzuwa linali litapendeka. Ndinakwera njinga yamoto kuchokera pa Migowi mpaka kwathu, chinthu chimene ndinalumbira kuti sindidzachita. Mtengo wake sindilemba, ungakhumudwitse a m'nyumba. Dzanja limodzi linagwira katoni, linalo lamba wa woyendetsa. Titasiya tala pa Chiringa mabampu onse anathera mumsana mwanga, chipewa chinauluka pafupi ndi mlatho ndipo ndinati chisiyeni.

Tinafika dzuwa litakhudza nsonga ya phiri la Michesi. Ndinasiya ka kumunsi kwa Mariya kuti alumikize kubatire n'kukaika pawindo, ine ndinakwera chitunda wapansi, kupuma kawiri panjira. A Benesi analumikiza ka simu ku sola, tinakapachika pamsomali pakhonde pomwe kanali kale. Mariya anatuluka kumunsi kuja n'kupukusa manja kuti palibe. Tinayang'ana bwino, denga la nkhokwe ya a Benesi, lamalata, linali pakati penipeni. Tinasunthira pakona, ayi. Tinaika pampando, ayi. Waya wa moto unali waufupi, sukanafika pamtengo wa mango. Pomaliza ndinakwera pakreti ya mabotolo pakona pa khonde n'kukakweza ndi manja onse pamwamba pa mutu, poti a Benesi ndi aafupi ndipo ine Mulungu anandipatsa msinkhu.

Mariya anathamangira m'nyumba, anatulukanso.

"Pomwepo ababa! Musasunthe!"

Analowa, ndipo sanatulukenso.

Ndinaima pamenepo. Poyamba mapewa anatentha, kenako zala zinachita dzanzi, kenako sindinkamvanso kuti ndili ndi manja. A Benesi anagwira kreti kuti isagwedezeke, ogula mchere ndi sopo ankandizungulira n'kumafunsana ngati bambo a mapasa ayamba kupemphera kwa masiku ano. Sindinawayankhe, ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa kabokosi kagwedezeka. Ndinkangoyang'ana chitseko cha nyumba yanga kumunsi kuja, nkhuku zikulowa m'khola imodziimodzi. Pamene Mariya ankatuluka n'kundikodola kuti nditsike, a Benesi anachita kunditsitsa manja ngati akuthyola nthambi.

M'nyumba ndinapeza amake Marita atatsamira khoma, foni ili pachifuwa itazima. Anamwino anali atabwera kudzamutenga mwana kuti akamukonzekeretse. Ndinakhala pamphasa ndi jekete lomwe.

"Waonda," anatero. "Tsitsi wameta. Koma ndamuona, ndipo iyenso wandiona."

Ndinafunsa ngati anandifunsa. Anati anafunsa kawiri, ndipo anamuuza kuti bambo ako ali kumtunda, akugwirira kuti tilankhule.

Ine nkhope ya mwana wanga sindinaione. Ndinayenda tsiku lathunthu, ndinataya chipewa, ndipo malo anga anali pakreti. Sindikudandaula, wina ankayenera kuimapo, ndipo pamudzi pano wamtali ndine. Chimene ndaphunzira n'chakuti ukakonzetsa zinthu zoterezi uziganiziratu pokaziika, usanakwere galimoto yobwerera. Lero m'mawa ndadula nsungwi yaitali, a Benesi awonjezera waya, kabokosi kali pamwamba kokha. Pamene ndikulemba pano uthenga wa kuchipatala sunafike, ndipo amake akana kuti foni ichoke pachifuwa pawo.