Bokosi lomwa spiriti limene ndinabwera nalo kuchokera ku Joni

Tsiku limene ndinanena kuti ndikupita ku Joni panali anthu awa: mkazi wanga Rozina, mwana wathu Tomasi, alamu anga a Fabiao amene ndi achimwene ake a Rozina, ndi a Che Amidu, mnansi wathu wopikula nsomba ku nyanja ya Amaramba. Tsiku limene ndinayatsa bokosi langa, patapita zaka khumi ndi chimodzi, panali anthu omwewo, pansi pa mtengo wa mango womwewo. Rozina yekha ndiye panalibe. Anawonjezekapo ndi anthu a m'mudzi amene ndinawaitana ndekha, khomo ndi khomo.

Ine ndine Zakeyu. Kulemba ndinaphunzira ndili ndi ndevu kale, tili ku Malawi nthawi yothawa nkhondo, ndiye dzanja langa ndi lolemera. Pakamwa ayi. Funsani kuyambira ku Chiuta mpaka pa Entre Lagos, akuuzani: ine ndikaitana munthu kumunda, amayankha ndi wa munda wachitatu. Lero andiuza kuti ndikhale chete, ndiye ndatenga kaderno ka Tomasi, kabuku kake kolembamo, kuti ndizilankhula ndi pensulo.

Chaka chimene ndinachoka, chimanga chinapsa chisanamasule. Tomasi anali atakhoza mayeso oti akaphunzire uphunzitsi ku Cuamba, ndipo m'nyumba munalibe chogulitsa kupatula njinga. Ine pano ndine mkamwini. Munda ndi wa kwawo kwa Rozina, malo a nyumba ndi a kwawonso. A Fabiao anaseka. Anati, "Alamu, anzanu a msinkhu wanu akubwerako ku Joniko ndi misana yopindika. Inu ndiye muzipita?" Ndinawayankha mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Ndinati ndidzabwera ndi chinthu chimene mudzi uno sunachionepo. Rozina ankasenda chinangwa, ndipo sanasiye kusenda. Pondilongedzera ndiye anati, "Bambo a Tomasi, zaka ziwiri zikakwana mubwere, ngakhale chimanjamanja."

Ndinadutsira pa Entre Lagos, kulowa m'Malawi, kukakwera basi ku Blantyre. Ku Joni ndinagwira za m'dimba, za ulonda, za kukumba ngalande. Tinkagona anthu asanu m'chipinda cha malata, ndipo anzangawo ankati ine ndimalankhula ndi m'tulo momwe. Chaka chachitatu ndinapeza ntchito yosesa pa kampani ina yaing'ono, kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Mwini wake anali mzimayi wophunzira kwambiri, tinkangomutcha Dokotala. Iye ndi anyamata ake ankapanga mabokosi opereka magetsi ku laputopu, a anthu ogwira ntchito kutchire kopanda mawaya.

Mverani mmene bokosilo limagwirira ntchito, chifukwa ine ndimalidziwa kuposa ena amene ankavala makoti oyera. Kukula kwake ndi ngati buledi awiri mutawagundanitsa. Mkati muli zinthu ziwiri. Choyamba ankachitcha selo. Selo imamwa spiriti ndi mpweya, n'kutulutsa magetsi. Palibe moto, palibe utsi, palibe phokoso la jenereta; mumangomva kampope kakuti tiki tiki, ndi timadzi todontha kumbali. Koma magetsi a selo ndi ochepa, ngati madzi a pa kasupe wa m'chilimwe. Laputopu ikamayaka imafuna ambiri nthawi imodzi, selo payokha singathe. Ndiye pali chachiwiri, batire lotchajidwa. Batire ndilo limapereka mwamphamvu, selo n'kumalibwezera pang'onopang'ono, osapuma. Pamwamba pali timagetsi tiwiri. Kobiriwira kakayaka, selo ikudzaza batire. Kofiira kakayaka, batire likugwira lokha, ndipo silichedwa kutha.

Ine ndinayamba ndi tsache, koma pomaliza ndinali wonyamula mabokosi, wopukuta timadzi, wolumikiza mabotolo a spiriti. Mabotolowo anali ndi chithunzi cha chigaza cha munthu. Dokotala anandiuza kangapo konse, "Zakeyu, spiriti uyu si wakumwa. Amachititsa khungu. Ndipo m'bokosi musamalowe china chilichonse kupatula ameneyu." Ndinkati inde, Dokotala. Kukabwera alendo, ankanditenga kuti ndikaonetse kuti ngakhale munthu wosaphunzira angathe kuliyatsa. Zimenezo ndinkazidziwa. Sindinkadandaula, chifukwa ankaombera m'manja ine.

Ndalama ndinkatumiza, pamenepo munthu asandinamizire. Tomasi anamaliza sukulu, n'kuyamba kuphunzitsa kufupi ndi kwathu. Nyumba inafoleredwa malata. Laputopu yoyamba m'mudzi muno ndinagula ine, yakale koma yabwino, n'kuipatsira dalaivala wa basi kuti akapatse Tomasi. Lamulungu lililonse ndinkaimba foni. Rozina ankakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pamene foni imagwira, ndipo ine ndinkamufotokozera za selo ndi batire mpaka mayunitsi kutha. Iye ankati, "Eya. Eya. Ndamva." Nthawi zina ankati, "Mubwera liti?" Ndinkati chaka cha mawa. Mapepala anga anali atatha kale mphamvu, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatuluka sindidzalowanso.

Kenako pa chulu paja anayamba kukwerapo ndi Tomasi. Ankati amayi atopa, amayi miyendo yatupa, amayi tapita nawo ku Cuamba. Ndinatumiza za mankhwala. Tsiku lina m'mawa, ndikupukuta bokosi, foni inalira. Tomasi anati, "Ababa, amayi atisiya." Ndinati ndamva. Ndinamaliza kupukuta bokosilo, n'kuyamba lina. Sabata imeneyo kunkabwera alendo ofuna kugula mabokosi ambiri, ndipo woyatsa ndinali ine. Ndinatumiza ndalama ya bokosi la maliro. Alendo anabwera, ndinayatsa, kobiriwira kanayaka, anaomba m'manja. Sindinalire. Sindikunena modzitama, ndikungonena. Mkati mwanga munali ngati mwendo umene mwaukhalira nthawi yaitali: mukuuona, mukuugwira, koma simukuumva.

Patapita mwezi Tomasi anaimbanso. Anati, "Amayi anasiya mawu anu. Ndinawajambula pa laputopu kutatsala masiku anayi kuti atisiye." Ndinati tumiza pa foni. Anati, "Ayi. Ananena kuti mudzamvere pakhomo pano." Ndinamukalipira mpaka anzanga a m'chipinda anatuluka panja. Anangoti, "Ananena choncho, ababa," n'kudula.

Ndinakhalanso zaka ziwiri. Musandifunse chifukwa chake. Ndinkadzuka, kupita, kubwera, kugona. Alendo aja sanagule. Anthu ankati spiriti ndi wovuta kupeza, bola sola ndi mabatire akuluakulu. Kampani inatsekedwa. Tsiku lomaliza Dokotala ankataya zinthu, ndipo ndinamupempha bokosi limodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Analidzaza batire, n'kundipatsa ndi mabotolo atatu a spiriti. Koma pokwera basi kondakitala ataona zigaza zija anakana. Anati kapena mabotolo atsale, kapena nditsale ine. Anatsala mabotolo. Sindinade nkhawa. Ndinati m'mtima, spiriti ndi spiriti, kwathu aliko.

Ndinatsika pa Entre Lagos ndi chikwama chimodzi ndi bokosi langa nditalikulunga m'bulangete. Palibe anandizindikira mpaka nditalankhula. Mnyamata wa njinga yamoto anandifikitsa pakhomo. Tomasi anatuluka, munthu wamkulu wa kamimba, n'kundipatsa moni wa manja awiri ngati mlendo wa ku boma. Ananditengera kumanda. Ndinaima pamenepo, ndinawerenga dzina pa mtanda chilembo ndi chilembo, ndinaona kuti simenti inang'aluka pakona. Ndinati simentiyi anasakaniza ndani, yachuluka mchenga. Tomasi anatembenuka kuti tizibwerera.

Pobwerera anandiuza kuti batire la laputopu linatupa n'kufa kalekale, tsopano imayaka pokhapokha ili pa waya. Anati, "A Che Amidu ali ndi sola ndi batire la galimoto. Ndimabwereka nthawi zonse. Ndikatenge, mumve lero lomwe." Ndinayang'ana madenga. Nyumba ya a Che Amidu sola, ya a Fabiao sola, ngakhale pa kanyumba ka udzu ka mayi wogulitsa mandasi panali kasola kotsamira mwala. Palibe anandiuzapo zimenezi pa foni. Kapena anandiuza, sindikudziwa. Ndinati, "Mawu a mkazi wanga ndiwamvere pa magetsi obwereka? Ine ndabwera ndi magetsi anga. Lamulungu, tikaweruka ku tchalitchi."

Loweruka ndinapita kwa mayi wina wotcheza kachasu kutsidya kwa dambo. Ndinati ndikufuna wa mutu, woyamba kudontha, wosasakaniza. Ndinathira pang'ono pa mwala n'kuyatsa machesi. Anayaka buluu, ndendende ngati spiriti wa Dokotala. Ndinati basi, ndi yemweyo.

Lamulungu masana anthu anadzaza pabwalo. Tomasi anaika laputopu pa tebulo la pakhonde. Ine ndinatembenuza mtondo pakati pa bwalo n'kukhazikapo bokosi, kuti aliyense alione, waya wake wautali n'kumakwawa mpaka pakhonde. Ndinathira kachasu anthu akuona. A Che Amidu anagwira mphuno. Anati, "A Zakeyu, bokosi lanuli ndi lachikhristu ndithu, likumwa ndi Lamulungu lomwe." Anthu anaseka. A Fabiao anati, "Likaledzera lisatitukwane, alamu." Tomasi anabwera pafupi n'kunong'ona, "Ababa, kodi ndi zimene limamwa?" Ndinati iwe ndi mphunzitsi wa ana, ine ndagwira bokosili zaka zisanu ndi zitatu.

Ndinadina. Kampope kanati tiki tiki. Pakhonde laputopu inayaka, ndipo anthu anati eee! A Fabiao anasiya kuseka. Ndinayamba kufotokoza za selo ndi batire, mmene ndinkafotokozera alendo. Ndili mkati, ndinayang'ana pamwamba pa bokosi. Kamene kanayaka kanali kofiira.

Ndinadziwa pomwepo. Selo yakana kachasu. Chimene chikuyatsa laputopu ndi batire lokha, magetsi amene Dokotala anadzaza ku Joni, otsalira pa ulendo wonse uja. Ndinaphimba kagetsiko ndi chala kuti anthu asaone. Ndinagwedeza bokosi. Ndinauzira mpweya m'timabowo take. Ndipo pakamwa sipanatseke, chifukwa ndikanatseka anthu akanadziwa. Ndinati imayamba chonchi, imafuna itenthe kaye. Ndinati ku Joni azungu ankaimirira ine ndikamayatsa. Ndinakuwa kuti wina abweretse botolo lija ndiwonjezere.

Kumbuyo kwanga ndinamva kamawu kakang'ono, kosasa, ngati ka wailesi ya mabatire otha. Kanati, "Bambo a Tomasi." Ndinamva ndithu. Ndinati m'mtima ndikonze kaye ichi, chikapanda kutero chizima. Ndinawonjezera kachasu, anasefukira pa mtondo. Ndinamenya bokosi ndi chikhatho. Ndinauza anthu kuti vuto ndi fumbi la kuno, ku Joni kulibe fumbi lotere. Nditakweza maso, panalibe amene ndinkamuuza. Onse anali ataunjikana pakhonde, mitu pamodzi, makutu pafupi ndi laputopu, ngati anthu oyang'ana m'chitsime. A Fabiao anali atagwada pa simenti.

Kampope kanasiya. Kofiira kanazima. Ndinatembenuka, ndinayenda mpaka pakhonde, anthu anandipatsa njira. Galasi la laputopu linali lakuda. Ndinaonamo nkhope yanga ndi nthambi za mango.

Palibe anandiseka. Ndinkayembekezera kuti a Fabiao anena kanthu, ndipo yankho ndinali nalo kale. Iwo anadzuka, anapukuta m'maso ndi chipewa, anandidutsa osandiyang'ana. A Che Amidu anandigwira paphewa, n'kukankha njinga yawo. Azimayi ankachoka awiriawiri, ena akulira chamumtima. Mmodzi anandiyang'ana mwa mtundu wina, sindidziwa ngati unali chisoni kapena chiyani. Mudzi wonse unali utamva zimene mkazi wanga anandisiyira. Ine ndinali ndi mawu atatu okha, ndi fungo la kachasu m'manja.

Ndinakhala pa mtondo paja, bokosi lili pamiyendo. Linali lofunda pang'ono. Ndinadikira kuti china chake chindipweteke, koma sichinabwere. Ndinkangoganiza kuti selo yawonongeka, kuti Dokotala ananena, kuti mabotolo atatu aja mwina akadali pa siteji ya basi.

Tomasi anapinda waya bwinobwino, mmene mayi ake ankapindira chingwe choyanikira zovala. Analowetsa laputopu m'nyumba. Atatuluka ndinayamba, ndinati spiriti weniweni akapezeka ku Nampula, kapena ku Blantyre, bokosili likhoza. Anakweza dzanja, ngati akuletsa mwana m'kalasi, ndipo sindikudziwa chifukwa chake ndinasiya. Anakhala pansi pafupi nane, osati pa mpando, pa dothi.

Anati, "Batire lanu linakwanira, ababa. Amayi anamaliza kulankhula lisanazime. Mawa ndipita kwa a Che Amidu kukabwereka lawo, tidzakhala awiri m'nyumba, chitseko chotseka. Sizitalika, ndi mphindi zitatu basi. Koma kuyambira pano mpaka amayi amalize, inu musayankhule."