Manja a Falesi pa Nthiti za Amuna Anga

Falesi ndi msuweni wa amuna anga, a Zefaniya. Anabadwira ku Lobi, n'kudzakwatiwa kuno kufupi ndi Kasina, mwamuna n'kupita ku Joni osabwerako. Chimusiyireni amalima yekha kachewere, ndipo Lamulungu ndiye amaimba ng'oma m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Ndi wamfupi, koma akaseka amamveka kutsidya kwa dambo. Ine ndinkamukonda ndithu, mpaka chaka chatha.

A Zefaniya anacheka matabwa m'phiri la Dedza zaka makumi awiri, kenaka chifuwa chachikulu chinawagwira. Mankhwala anamaliza, matenda anatha, koma mapapo anatsala owonongeka. Makhololo amadzaza m'chifuwa osatuluka okha, ndipo akakhalitsa thupi limatentha, munthu n'kukagonekedwa. Kuchipatala anandiphunzitsa: azigona chammbali, ine ndiziwomba panthiti ndi manja opinda, m'mawa ndi madzulo, kenaka azitsokomola.

Ndinayesa. Koma manja angawa anazolowera mpini wa khasu.

"Amake Linda, ndakulakwirani chiyani?" anakuwa a Zefaniya. "Kodi adokotala anati makofi?"

Falesi ankadutsa ndi mtolo wa nkhuni. Anautula, n'kulowa osaodira n'komwe.

"Ndani akundiphera mwamuna? Mkazi mnzanga, tasunthani."

Paja asuweni amatchulana choncho, anthu n'kumaseka. Nane ndinaseka. Iye anagwada, napinda manja, n'kuyamba phu phu phu, mofewa, osaphonya. Posakhalitsa abambo aja anatsokomola, zinthu n'kutuluka zambirimbiri, n'kugwera m'chitini cholavuliramo. Anakoka mpweya wautali umene sindinaumveko chibwerere kuchipatala.

"Aa, Falesi, manja akowa!"

Zaka zonsezi ndikuwaphikira, manja anga sanayamikidwepo n'kamodzi komwe.

Basi, m'mawa uliwonse Falesi watulukira. Odwala aja anayamba kulawirira kusamba, ndevu n'kumapesa. Kumjigo azimayi ankandifunsa, "A Dorika, kodi kwaya inasamukira kwanu?" Tsiku lina mu Juni ndinamudikirira pakhomo.

"Falesi, ng'oma yako ili kutchalitchi. Ya m'nyumba muno ndi yanga."

Anandiyang'ana, natembenuka, osasekanso.

Sabata imeneyo kunazizira koopsa, nkhungu mpaka masana. Ndinkawomba, osatuluka kanthu. Chifuwa chinkabwata ngati nyemba pamoto. Tsiku lachisanu anakana phala, thupi litatentha, ndipo popita kuchimbudzi anapumira panjira kawiri. Dzina la Falesi sanalitchule, ankangondiuza kuti ndikuyesetsa. Apo m'pamene ndinachita mantha.

Ndinamupeza kudimba akupalira.

"Falesi, amuna ako akubanika."

"Anga? Si anu aja?"

"Iwe, tiye."

Khasu analisiya pomwepo. Titafika sanawakhudze. Anandigwaditsa pamphasa, iye kumbuyo kwanga, atandigwira m'mikono.

"Mumawomba ngati mukupuntha nyemba, mayi. Dzanja likhale ngati mukutunga madzi oti mumwe. Fewetsani apa. Ayi, musalume mano!"

Tinawomba limodzi, kenaka anandisiya ndekha mwakachetechete. A Zefaniya, nkhope ili kukhoma, anatsokomola mpaka misozi, zinthu n'kutuluka.

"Falesi," anatero, "lero dzanja lako likulemera, komabe Mulungu akudalitse."

Falesi anali ataima kale kukhomo, atatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedera.

Mawa lake tinawaperekeza tonse awiri kuchipatala. Anawapatsa mapiritsi, sanawagoneke. Namwino atafunsa kuti mkazi wawo ndani, tinayankha pamodzi, ine mokweza.

Masiku ano madzulo ndimawomba ine. M'mawa ndinamusiyira Falesi, chifukwa m'chitini ndimayang'anamo, ndipo zake zimatulukabe zambiri kuposa zanga. Akafika ndimamulandira bwino, tiyi ndimamupatsa. Ndikatero ndimakhala pakhomo ndi lichero langa, kusankha nyemba zosankha kale, chitseko chili chotsegula.