Soli ya Nsapato ya a Mlongoti

A Guluu ali ndi chizolowezi chimene ngakhale akazi awo anachilephera: nsapato iliyonse ikafika m'manja mwawo amayamba aipinda kaye pakati, amve ngati soli ikulira, moni kwa mwini wake n'kubwera pambuyo. Asoka nsapato pakhonde la sitolo imodzimodzi zaka makumi awiri ndi zitatu, pa kabenchi kotsimphina mwendo umodzi. Zala zawo zinakutidwa ndi zomatira moti foni yawo yomwe imawakana.

Mchimwene wa akazi awo anthu amawatchula a Mlongoti. Kale ankasewera basiketibolo, ndipo mpaka lero amawerama polowa pakhomo lililonse, ngakhale lalitali bwanji. Mlongo wawo atakwatiwa ndi wosoka nsapato iwo sananene kanthu, ndipo kusanena kanthuko kwatha zaka makumi awiri. Nsapato zawo zikang'ambika ankadutsa pamphuno pa a Guluu n'kukasoketsa kutsidya kwa msewu, kwa munthu wosoka ngati akumanga thumba la makala.

Ndiye Lachisanu lina m'mawa a Mlongoti ataima pakhondepo ndi katoni kukhwapa, a Guluu anayang'ana kumbuyo kuti mwina akufuna wina. M'katonimo munali nsapato zoyera ndi zofiira, zofika m'akakolo, zimene anavala pa masewero awo omaliza zaka makumi atatu zapitazo. Anati mawa lake anzawo a timu yakale akukumana kuti ajambulitse, ndipo abwera kudzazitenga Lachisanu lomwelo folo koloko.

"Kupukuta fumbi kokha, alamu. Musazichite china."

A Guluu anavomera katatu. Koma a Mlongoti asanakhote n'komwe pakona, manja anali atachita kale zimene anazolowera. Anapinda ya kumanzere. Soli sinalire. Inangoyoyoka ngati bisiketi wogonera m'thumba, ufa wachikasu uli mbwee pamaondo.

Amene anaona zonsezi ndi Mayi Wailesi, ogulitsa nsapato zatsopano m'sitolomo. Mayi amenewa nkhani ikawapeza naini koloko, teni koloko imakhala itafika kudepoti. Anatuluka atagwira pakamwa n'kufotokoza kuti siponji ya mkati mwa soli zoterezi ikakhala zaka osapondedwa imafa yokha, kunja ikuoneka bwinobwino. Kenako anatsitsa mawu. Kampani yomwe inapanga nsapatozo inazitulutsanso chaka chatha, mtundu womwewo, ndipo peyala imodzi yakhala pawindo la sitolo yawo mpaka dzuwa kuisulukutsa, palibe woifuna. Angoipaka dothi ndi masamba a tiyi, aiike m'katoni m'malo mwa zakalezo. Ndi iko komwe, maso a a Mlongoti masiku ano ndi a magalasi.

Mayiwo atabweretsa peyalayo, a Guluu anaika yakale ndi yatsopano pamodzi pabenchi. Munthu ataima patali akanati ndi mapasa. Koma chikopa cha yakale chinali chofewa, cha makwinya ngati chikhatho, pamene cha yatsopano ukachikanda ndi chikhadabo chinkayankha ngati pulasitiki. Mphuno ya yakale inali yowonda, yogona pansi. Ya yatsopano inatupa ngati yalumidwa ndi mavu. Kufiira nako kunasiyana: uku njerwa yootcha, uku lipisitiki, ngakhale dzuwa linayesetsa. Anawerenga masoko ndi nsonga ya singano, napeza kuti pamene yakale ili ndi khumi ndi awiri, yatsopano ili ndi asanu ndi atatu. Chimene yatsopano inapambana nacho chinali chimodzi: soli yamoyo.

"Munthu wasunga chinthu zaka makumi atatu, mayi, achidziwa ndi fungo lomwe," anatero.

Anaganiza zochotsa soli ya yatsopano n'kuimata pa yakale. Mayi Wailesi anathamanga kusaluni kukabwereka chowumitsira tsitsi, atalumbira kuti sauza munthu, ndipo anauza awiri okha. A Guluu anatenthetsa guluu wa yatsopano mpaka soli inamatuka, n'kupala ufa wa yakale ndi mswachi. Anaiyesa pa yakale. Nambala inali imodzi, koma soli yatsopano inatulukira kumphuno mulingo wa kamtengo ka machesi. Anaisenga ndi lezala pang'onopang'ono, thukuta likudontha pachibwano.

Ali pakati, akazi awo anaimba foni, mawu ali mwee. Achimwene awo awauza kuti Lamulungu adzadya kunyumba kwa a Guluu, koyamba chikwatirane. A Guluu anangoti eya, eya, n'kudula.

Guluu sachita kumufulumiza. Umapaka, n'kudikira auma pang'ono, kenako n'kumata ndi kutsendereza. Popeza chotsenderezera analibe, anaika thabwa pamwamba pa nsapatoyo n'kukhalapo. A Mlongoti anawapeza choncho hafu pasiti fili, atakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Mayi Wailesi anayamba kusesa pamalo amodzi.

A Mlongoti anavala magalasi, nanyamula nsapatoyo. Anasisita chikopa, anakoka lilime, kenako anaitembenuza. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Apa panali posalala," anatero, chala chili kumphuno kwa soli. "Ndinkatembenukira pamenepa."

A Guluu anafuna kunena za siponji yakufa, za kampani, za dzuwa la pawindo. Anazisiya zonsezo. Anatulutsa kapepala komwe anakulungamo ufa uja n'kukafunyulula.

"Ndinaipinda, alamu. Munandiuza, koma ndinaipinda."

Tsache la Mayi Wailesi linaima. Basi inadutsa, ina inadutsanso. A Mlongoti anaika nsapatoyo pansi mosamala, natenga ya kumanja m'katoni, imene a Guluu sanaiyandikire chiyambire m'mawa. Anaitembenuza n'kudina soli ndi chala chachikulu, osati mwamphamvu. Chalacho chinalowa. Ufa unagwera pa nsapato zawo zopita nazo kuntchito.

Anafunsa Mayi Wailesi ngati zakale zonse zimatero. Mayiwo, amene sanayambe ayankhapo funso ndi liwu limodzi, anati, "Zonse."

A Mlongoti anatenga yatsopano yomwe inatsala, naifinya mphuno, naikanda, naulula kuti akanaipeza m'katoni muja sakadapondanso pakhondepo. Ananenanso kuti anaganizapo zodzavala zakalezo mawa pachithunzi, pamaso pa timu yonse ndi akazi awo. Zimenezi ananena akuyang'ana ufa uja, osati munthu.

Kenako anakoka kabenchi kotsimphina kaja n'kukhalapo, maondo kufika m'chibwano, napereka ya kumanja.

"Yambani, ndidikira. Koma mphuno ya inayo mwaisenga mokhota, alamu. Iyi musamale."