Mbuzi Yolipiriratu Mlandu wa Kompyuta

Kwa Chipera mukafunsa za mphunzitsi Benvinda, anthu sakuuzani zaka zimene mayiwa akhala akugwira choko. Amangoti, "Ooh, mayi a mbuzi aja!" Ndipo amanena monyadira, osati mwachipongwe.

A Benvinda ndi mwana wa konkuno. Anakulira m'minda ya chimanga ndi mtedza, nakaphunzira zauphunzitsi ku Tete. Anzawo atathamangira malo a m'tauni, iwo anakwera galimoto yobwerera kumudzi. Tsiku limene anafika, bambo awo, omwe pano anatisiya, anawapatsa kambuzi kakakazi. Kanaswana bwino ndithu, koma chaka china matenda anasesa khola lonse n'kusiya imodzi yokha, yamawangamawanga. Imeneyo a Benvinda ankailera ngati mwana, poti ndi chokhacho cha bambo awo chimene chinatsala.

Ndiye kunabwera kompyuta. Inachokera ku Fíngoè pa njinga yamoto, yopinda ngati buku, ili ndi sola yake. A Benvinda anaiika patebulo m'kalasi lachisanu ndi chimodzi, naitana ana kuti abwere adzaigwire. Zii! Ana onse manja m'khwapa. Sabata inatha, ina n'kulowa, koma palibe anatulutsa chala. Pomaliza mtsikana wina dzina lake Mariza anaulula zimene bambo ake, a Januário, anamuuza: "Ntchaboma chimenecho. Ukaphwanya ndi mlandu, ndipo ine mbuzi yotaya ndilibe."

Musawaseke makolowo. Kuno wowononga cha mwini amalipira, ndipo mlandu ukakula umathera m'khola. Khomo lililonse linali litapereka lamulo lomwelo. Koma a Benvinda zinawawawa, chifukwa kompyuta yongoyang'ana ili ngati khasu lopachika padenga.

Pamsonkhano wa makolo, pansi pa mtengo wa mango wa pasukulupo, mayiwa anatulukira akukoka mbuzi yawo ija. Anaimangirira pamtengopo anthu ali kukamwa yasa.

"Azibambo ndi azimayi," anatero, "mlandu wa komputadoro ndalipiratu ine. Mbuzi yake nayi. Mwana aliyense akaphwanya, musatsegule khola lanu. Tsopano asiyeni ana anga agwire."

"Apulofesora, si ya malemu bambo anu imeneyi?" anafunsa a Januário.

"Ndi yomweyo, bambo a Mariza. N'chifukwa chake mukhulupirire kuti sindikusewera."

Kuyambira tsiku limenelo mbuziyo inkabwera kusukulu m'mawa uliwonse, osajomba, kuposa ana ena amene ndikuwadziwa. Ana ankaiona pawindo ikubzikula, mitima n'kukhala pansi, manja n'kutuluka m'khwapa.

Kaphunzitsidwe ka mayiwa kanali kawokawo. Kompyuta imodzi, ana odzaza kalasi, ndiye ankawagawa m'timagulu: ena akulemba m'makope, ena ali patebulo, kenako n'kusinthana. Iwo eni ankaima kumbuyo, osaigwira. Loweruka ankayenda ndi foni m'midzi kujambula mbozi za m'chimanga, nkhokwe, maenje a okumba golide atadzaza madzi, ndipo Lolemba ana ankalemba ziganizo za Chipwitikizi pansi pa zithunzi za zinthu zimene amazidziwa. Wolakwitsa ankafufuta n'kuyambiranso popanda womuseka. Ana amene ankaluma milomo akafunsidwa funso anayamba kulimbirana mpando. Mariza ndiye anali patsogolo, zala zake zikuthamanga moti anzake ankamupempha kuti awaonetse.

Tsoka sasimba. Tsiku lina mvula itayamba mwadzidzidzi, Mariza yemweyo ananyamula kompyuta kuichotsa pamene denga limadontha. Anaterereka, ndipo galasi linang'aluka pakati. Mwanayo analira mpaka mawu kutha.

A Benvinda sanakalipe. Anamudzutsa, n'kumupukuta matope, n'kumuuza kuti mawa asajombe. Adiretori a sukuluyo anayesa kunena kuti nkhaniyi ikhoza kudikira, koma mayiwa anakana, poti mawu onena pagulu sabwezedwa. Anamasula okha chingwe pamtengo paja. Wogula anapezeka wa ku Fíngoè, wophikira okumba golide, ndipo anaimanga mbuziyo kumbuyo kwa njinga yamoto ikulira. A Benvinda anaima mpaka phokoso litazilala. Kenako anapita kuseri kwa kalasi n'kukalira, ndipo ine sindiwaona cholakwa.

Kompyuta inapita ku Tete n'kubwera ndi galasi latsopano. Koma chimene mayiwa ankaopa chinachitikadi. Ataiika patebulo, ana anasuzumira pawindo, n'kuona mtengo wopanda kanthu, manja onse n'kubwerera m'khwapa. Mariza anakhala kumbuyo kwenikweni, mutu uli pansi. Tsiku limenelo a Benvinda anaweruka mtima uli wolemera, poganiza kuti mbuzi ya bambo awo yapita pachabe.

M'mawa mwake, akuyandikira sukulu, anamva kulira kwa mbuzi. Pamtengo wa mango panali tonde wakuda atamangidwa, ndipo a Januário anali chiimire pambali pake, chipewa chili m'manja.

"Bambo a Mariza, mlandu uja unatha. Bwererani nayo mbuzi yanu," anatero a Benvinda.

"Ya mlandu wakale ayi, apulofesora," anayankha a Januário. "Iyi ndi ya wotsatira. Ikapita iyi, kholo linzanga a Ambrósio akuti yawo ikubwera. Kauzeni ana agwire."